Impso ya Kumanzere

Ndiye kuti mafupa saiwala, ndipo chimene munthu wabisira abusa, wabisira amayi a Chigwirizano, wabisira ngakhale mwana wobala yekha, makina a ku India amachiona m'kanthawi kochepa n'kuchiyanika poyera — Olipa ankaganiza zimenezi ali m'kanjinga kamoto ka matayala atatu kamene kankadzifinya pakati pa mabasi a mumzinda wa Chennai, thukuta likutsetsereka mumsana, dzanja litagwira m'nthiti za kumanzere ngati pali wina wofuna kumulanda. M'mawa womwewo dokotala wa impso, mayi wochepa thupi wa imvi m'mbali mwa mutu, anauza Dingani, mwamuna wa Olipa, kuti atsogole kumakina otsuka magazi, kenaka anatseka chitseko n'kuloza ndi cholembera pachithunzi cha m'kati mwa thupi la Olipa.

"Nthiti izi zinathyokapo. Osati kamodzi."

"Ndinagwa m'minibasi," anayankha Olipa m'Chingerezi, ndipo bodzalo linatuluka losalala, monga linatulukira kalekale kukiliniki kwawo ku Kabwe.

Dokotalayo sanatsutse. Anangoti mawa m'mawa komiti ya chipatala idzamufunsa ngati akupereka impso kwa mwamuna wake mwa kufuna kwake, ndi kuti ngati mtima wake ukukana, iye akhoza kulemba kuti thupi la Olipa silingapirire opaleshoni, ndipo palibe amene adzadziwe chifukwa chenicheni, kaya Dingani, kaya abale ake.

"Mundiyankhe madzulo ano," anatero. "Tikatenga, titenga ya kumanzere."

Sakanatha kubwerera kunyumba ya alendo, kuchipinda chija cha fungo la mankhwala ndi la thukuta la wodwala, kumene jekete la Dingani linali lopachikidwa kuseri kwa chitseko, mapewa ali tambalale ngati mwini wake ali momwemo. Sakanathanso kukhala pabenchi la kuchipatala n'kumayang'ana magazi a mwamuna wake akuzungulira m'timapaipi mpaka madzulo. Choncho woyendetsa kanjingako atafunsa kumene akupita, iye anangoti kulikonse kozizira, ndipo munthuyo, atagwedeza mutu m'njira yawo ija yosadziwika ngati ndi inde kapena ayi, anakamutsitsa pageti la myuziyamu, chinyumba cha njerwa zofiira chosungiramo zojambula ndi zosema zakale.

Kwawo sanalowepo m'nyumba yotere. Wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa ku Nakoli zithunzi amaziona pa makalendala a m'magolosale basi. Muno munali kamdima kofewa, pansi pa miyala yozizira, zokupiza mphepo zikuzungulira mwaulesi kudenga, ndipo anthu ochepa amene analimo ankamuyang'ana — chitenge chake, tsitsi lake, botolo lachitsulo la madzi limene madokotala anamulamula kuti azimwa tsiku lonse kuti impsozo zikhale zotsukika, zokonzeka, ngati nkhuku yosungira alendo — kenaka n'kuyang'ana kumbali.

M'chipinda choyamba munali tizithunzi ting'onoting'ono m'magalasi, tojambulidwa pamanja mosamala kwambiri. Anayandikira kamodzi poganiza kuti ndi ka maluwa, chifukwa m'mphepete mwake munali maluwa ndi mbalame, koma pakati pake njovu yovekedwa nsalu zagolide inali itagwada pachifuwa cha munthu, ndipo wojambulayo anachita kukhala pansi, ndi kaburashi kake kopyapyala, n'kuika magazi kadontho kadontho pakamwa pa munthuyo, osapupuluma. Pamwamba, pakhonde la nyumba yachifumu, panali akazi atakhala, mmodzi akuliza choimbira cha zingwe, enawo akuyang'ana kwina. Olipa anawadziwa akazi amenewo. Anali bana Chola, amayi a nyumba yoyandikana ndi yake ku Chililalila, amene ankakweza wailesi nkhondo ikangoyamba kwa Olipa, nyimbo za Chibemba zotamanda Mulungu zikudumpha mpanda, n'kubwera m'mawa mwake kudzapempha mchere maso ali pansi.

Nthiti zoyamba zinali za Lamulungu masana. Dingani, mkulu wa mpingo, anali atagawa Mgonero tsiku limenelo, atanyamula thireyi ya tizikho ndi manja awiri, ndipo potuluka Olipa anaseka pageti la tchalitchi ndi Sailas wotsogolera kwaya — anaseka chiyani, mpaka lero sakumbukira, ndipo nthawi zina chimene chimamupweteka n'chimenecho, kuti nthabwala imene inamuthyoletsa mafupa inatayika — ndipo njira yonse yobwerera kunyumba Dingani ankapereka moni kwa anthu, akufunsa za odwala, akugwira ana pamutu. Atafika anavula jekete n'kulipachika bwinobwino. Anamasula tayi. Anavula nsapato za kutchalitchi, anakhala pabedi, n'kuvala majombo ake a kunjanji a chitsulo kutsogolo, ndipo anamanga zingwe, zonse ziwiri, mosafulumira, iye akuyala mbale patebulo n'kumamva. Kwa zaka zambiri ankadziuza kuti mwamuna wake ndi wa mtima wapachala, kuti mkwiyo umamugwera ngati khunyu, koma munthu wogwidwa ndi mkwiyo samanga zingwe za nsapato, ayi, samanga, ndipo iye ankadziwa zimenezo ali chigonere pasimenti pakati pa tebulo ndi kabati, akumva chinthu chikuthyoka m'kati mwake ngati chinangwa chouma, mphuno ili pa polishi wofiira amene anapaka yekha dzulo lake.

Alangizi anamuuza kuti nyumba ndi kupirira. Anzake a pamsika ankaseka kuti ukwati ndi shipikisha, kulimba mtima basi, aliyense akuonetsa chipsera chake ngati mendulo. Mimba yachiwiri inatuluka m'bafa la kuseri miyezi isanakwane, pambuyo pa Loweruka lina la majombo omwewo, ndipo abale a Dingani ochokera ku Petauke anabwera kudzapepesa maliro a kanthu kopanda dzina, n'kumanong'onezana kuti mkaziyu chiberekero chake n'chofooka. Anatsala ndi Chiko yekha, mwana wamkazi, amene bambo ake sanamukhudzepo ngakhale ndi chala, amene ankamunyamula paphewa kukaona sitima, amene mpaka lero akamati atate mawu ake amafewa.

M'chipinda chotsatira munali zithunzi zikuluzikulu za mabanja olemera akale, mwamuna atakhala pampando, mkazi ataima kumbuyo dzanja lili paphewa lake, golide m'khosi mpaka m'mphuno, ndipo Olipa sankayang'ana nkhope, ankayang'ana zala za akaziwo, ngati zagona kapena zauma. Iye ndi Dingani nawonso anabwera ndi zithunzi kuno ku India. Chipatala chinafuna umboni wakuti ndi banjadi, choncho ananyamula alubamu ya ukwati, ndipo kalaliki anatsegula tsamba ndi tsamba mpaka pa chija anajambulitsa pansi pa mkuyu waukulu wa m'tauni, Dingani ali woonda, akuseka mano onse, atamunyamula m'manja, velo ikukwekwereka pafumbi. Kalalikiyo anamwetulira. Ndipo chithunzicho sichinali chabodza, n'chimene chimasokoneza mutu: mnyamata ameneyo ankayenda wapansi kuchokera kushedi ya sitima mpaka ku Nakoli kudzangomupatsa vitumbuwa votentha m'pepala, ankamuimbira mluzu pampanda, ndipo iye anamukonda mpaka kusowa tulo. Anapita kuti mnyamatayo, kapena sanakhalepo n'komwe, kapena majombo anali kale m'sutikesi tsiku la ukwati?

Anadutsa chipinda cha nsalu, ndi china cha malupanga ndi mipeni yopindika ya zigwiriro zokongoletsedwa, osaima — ayi, anaima, pa mpeni umodzi waufupi anaima nthawi yaitali, mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi.

Matenda a Dingani anabwera mwakachetechete, shuga, kuthamanga kwa magazi, kenaka mapazi anatupa mpaka majombo aja anakana kulowa, n'kukhala pansi pa bedi akudya fumbi la ku Kabwe lija lolowa paliponse. Dzanja limene linkamudzutsa pansi ndi tsitsi linayamba kulephera kutsegula botolo la mankhwala. Olipa ankamusambitsa, ankamuwenga zikhadabo, ankakwera naye basi ya ku Lusaka kukatsukitsa magazi, mutu wake wolemera utatsamira paphewa lake msewu wonse, malole akudutsa. Ndipo Dingani anaphunzira mawu akuti zikomo imvi zitamera kale. Zaka zimenezo — Mulungu amukhululukire, mayi wa Chigwirizano wovala bulauzi yoyera — zinali zokoma kuposa zonse za ukwati wake. Ankagona tulo. Ankaseka pageti la tchalitchi ndi aliyense. Ananenepa, anthu n'kumati ndi madalitso a kusamala wodwala, osadziwa kuti akunenepa ndi matenda a mwamuna wake ngati nkhupakupa.

Ndipo palibe anamukakamiza, komiti ikafunsa mawa adzanena zoona. Pamsonkhano wa banja, pansi pa mtengo wa mango ku Chililalila, abale a Dingani aamuna aliyense anali ndi chifukwa chake, wina magazi othamanga, wina mkazi wakana, mpaka Chiko, amene anali atangoyamba kumene maphunziro a unamwino, anaimirira n'kunena kuti apereka ndiye. Apo Olipa anamva pakamwa pake pakuyankhula maganizo asanafike.

"Khala pansi iwe. Nizapasa ndine."

Tryness, mlongo wake wa Dingani, analulutira. Lamulungu lotsatira abusa anatchula Olipa paguwa, amayi anamuimbira, ndipo iye anamva kukoma, asaname, anamva kukoma kuima pakati pa mpingo aliyense akumuyang'ana ndi maso onyowa, ndipo mwina n'chifukwa chake, mwina sanachitire Chiko n'komwe, mwina ankangofuna kuti Dingani akamadzakodza, moyo wake wonse, azidziwa kuti akukodza ndi chifundo cha mkazi amene ankamupondaponda.

Tsopano dokotala wamutsegulira khomo. Mawu amodzi madzulo ano, ndipo abwerera ku Kabwe thupi lili lathunthu, anthu akumumvera chisoni, anayesetsa mayi uja, madokotala ndiwo anakana. Dingani apitiriza ndi makina mpaka makinawo atatopa naye, akuchepa, akufewa, akunena zikomo, kenaka tenti pabwalo, kwaya, nsalu yakuda, kenaka nyumba ya zii. Anadziona akutsegula mawindo onse. Sikupha kumeneko, anadziuza, kupha n'kuchita kanthu, uku n'kungokhala manja ali pamiyendo — koma bana Chola nawonso ankangokhala manja ali pamiyendo.

Foni inanjenjemera m'chikwama ali pakhonde lopita kunyumba yachiwiri ya myuziyamuyo, pamene dzuwa linkamenya ngati mbama ndipo akhwangwala ankalimbirana chinachake m'ngalande. Anali Tryness yemweyo, mawu akufika mochedwa kuchokera ku Kamushanga ku Kabwe, kumbuyo kwake wina akusesa, pakuti kwawo kunali kudakali m'mawa.

"Mulamu, zili bwanji uko? Kuno mpingo onse uli pa maondo."

"Tili bwino, mulamu. Mawa ni komiti."

"Mulungu ni wabwino. Chiko akuti musade nkhawa, ngati madokota apeza vuto kuli imwe, iye abwera. Pasipoti anatenga kudala, kalekale."

"Anatenga liti?"

"Atate ake ndiye anamuuza kuti atenge. Kukonzekera chabe, mulamu."

Olipa anadula foni osatsanzika. Atate ake ndiye anamuuza. Ndiye kuti munthu uja, atagona pabedi mapazi ali ngati maungu, akunena zikomo pa kapu iliyonse ya madzi, anali atakonza kale kuti mkazi akalephera pali mwana, monga wa kunjanji amasungira chitsulo china pambali — kapena ayi, kapena anangoopa kufa monga aliyense amaopera, kapena Chiko ndiye anaumirira, n'chifukwa chiyani iye Olipa amafulumira kuona njoka paliponse. Koma khomo lija linali litatsekeka. Akati inde, mpeni ulowa mwa iye, impso yake ikatsuka magazi a Dingani, mapazi aphwa, majombo alowanso. Akati ayi, mpeni ulowa mwa Chiko, mwana woti sanabereke n'komwe, ndipo majombo alowabe.

Nyumba yachiwiriyo inali ya mafano a mkuwa. Ankadziwa kuti mkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kuima pakati pa mafano, koma munali mozizira kuposa monse, ndipo munalibe anthu kupatula mlonda wokalamba wa yunifolomu ya kaki amene ankasinza pampando pafupi ndi khomo. Mafanowo anali m'mizere, ena akuvina, ena atakhala, akuda ndi ukalamba. Kumapeto, kuseri kwa chingwe chofiira, panali lina losatsekeredwa m'galasi, lofika m'chifuwa mwake: mkazi wa chiuno chaching'ono ndi manja ambirimbiri otambasuka ngati nthambi, dzanja lililonse lili ndi chake, lupanga, nkhwangwa, uta, chingwe, belu. Phazi lake limodzi linali pakhosi pa njati yogwa, ndipo m'khosi lodulidwa la njatiyo munkatuluka mwamuna, theka la thupi, pakamwa pali yasa, mkondo wa mkaziyo utamulowa kale pachifuwa. Olipa sanawerenge kachikwangwani ka dzina lake. Chimene chinamugwira chinali nkhope. Mkaziyo sanakwiye. Milomo yake inali yotseka, ikumwetulira pang'ono, zikope zitatsika, nkhope ya mayi amene akusankha nyemba pakhonde, ndipo anthu a kuno anamuumba choncho, n'kumamugwadira, n'kumamuikira maluwa, osamutumiza kwa alangizi.

Olipa anali ndi manja awiri okha, koma ankadziwa zimene angachite. Ankadziwa kuyambira kale, asanamizire kudabwa. Ankadziwa kulemera kwa munsi umene uli kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndi pofewa paja kuseri kwa khutu la Dingani pamene amafikapo akamamumeta. Ankadziwa kuti pilo wa kunyumba ya alendo ndi wokhuthala, ndi kuti munthu wochokera kumakina amagona ngati mwala, manja opanda mphamvu yokankha ngakhale mphaka. Ankadziwa mtsempha wotupa wa pamkono wake, umene madokotala anaukonza kuti makina azikokapo magazi, umene umanjenjemera ukaugwira ngati muli njuchi, ndipo namwino wa ku Lusaka anamuchenjeza kuti pakangochekeka pamenepo magazi amafika kudenga. Kudenga. Mawu amenewo anawasunga ngati switi m'tsaya, akuchapa, akumasula mabelo pamsika, akuyankha ameni. Sanachitepo kanthu, sadzachita, iye ndi amake Chiko, amene amaphikira odwala a mpingo wonse — koma analiona denga la ku Chililalila, malata ake ndi mitengo yake, litafiira, likudonthera pa kabati, pa kalendala ya mpingo, pa mbale za alendo, ndipo sanatseke maso.

M'mawa uno, asanalowe kwa dokotala, Dingani anamugwira dzanja pabenchi.

"Amake Chiko, nikachila uzaona. Nizakhala munthu wina."

Maso ake anali achikasu, onyowa, ndipo mwina ankanena zoona, anthu amasintha, abusa amatero, koma chala chake chachikulu chinali chikusisita pamfundo ya dzanja, pamalo pomwe anapotokola chaka cha maliro a amayi ake a Olipa, kusisita pang'onopang'ono, ndipo Olipa sanathe kudziwa ngati chalacho chikupepesa kapena chikukumbukira. Uzaona. Aona chiyani?

Sanadziwe kuti chingwe chofiira wachidumpha liti. Anangopeza dzanja lake lamanzere lili paphazi la mkaziyo, pamene likuponda khosi la njati, mkuwa uli wozizira, wosalala, ndipo ankafuna kumva kumene kulemera kukupita, kuchidendene kapena kuzala, munthu amaponda bwanji kuti chinthu chisadzukenso. Kumbuyo kunali mawu, m'chinenero chosamveka, kenaka m'Chingerezi, mayi, mayi, osagwira, koma ankamveka ngati a kutsidya la msewu. Kenaka nsapato zolemera pamiyala, zikufulumira, zikubwera kumbuyo kwake cha kumanzere, ndi zala za mwamuna zikutseka pamkono pake.

Thupi linatembenuka lokha. Botolo lachitsulo linali m'dzanja lamanja, lodzaza, ndipo linapita ndi phewa lonse, ndi chiuno chonse chimene chimanyamula mabelo a salaula, n'kukafika pakamwa pa munthuyo ndi phokoso lonyowa, lalifupi. Chipewa chinauluka. Anamenyanso, pakhutu, asanagwe, ndipo atagwa chagada, miyendo yoonda ili m'mwamba, Olipa anapeza kuti waima pamwamba pake, phazi lamanja litanyamuka kale, litalunjika pansi pa chifuwa cha kumbali, pamalo pamene iye ankawadziwa bwino.

Phazilo linakhala m'mwamba. Sanali Dingani. Anali mlonda uja, nkhalamba yochepa ngati mwana, ya ndevu zoyera za pamlomo zimene tsopano zinali zofiira, ikufufuza ndi lilime m'kamwa, n'kulavulira dzino m'chikhatho, n'kuliyang'ana modabwa. Anatsitsa phazi pang'onopang'ono. Botolo linagubuduzika pamiyala mpaka kukagunda khoma, ndipo phokoso lake linadzaza nyumba yonse ya mafano.

Anabwera anthu: alonda ena, alendo angapo atakweza mafoni, ndi mayi wovala nsalu ya sari yobiriwira wokhala ndi makiyi ambiri amene ankaoneka kuti ndi wamkulu wa pamalopo. Palibe anamugwira, anamuzungulira patali, monga amachitira ndi galu amene sakumudziwa. Anamulozera kachipinda ka pafupi ndi khomo, ka tebulo limodzi ndi mabenchi awiri, iye n'kulowa, n'kukhala mawondo atagundana ngati pabenchi la amayi kutchalitchi. Mayi wa makiyi anafunsa pasipoti, anafunsa kumene akukhala, ndipo ataona kalamba ka pulasitiki ka chipatala padzanja lake anatsitsa mawu.

"Mukudwala?"

"Ayi. Amuna anga."

"Tiwaimbire?"

"Ayi."

Mayiyo anatuluka kukayankhula pafoni, ndipo mawu okhawo amene Olipa anatolapo anali akuti polisi, mwina akuitana, mwina akukana. Anaganiza za komiti ya mawa, ngati munthu wa m'chitokosi amaloledwa kupereka impso, ndipo kwa kanthawi anaona njira yachitatu ikutseguka, kenaka anakumbukira kuti ndege yochokera ku Lusaka imabwera sabata iliyonse, ndipo Chiko pasipoti ali nayo kale. Anaganiza za amayi a Chigwirizano akuonera pafoni, ku Chililalila, ku Nakoli, Kabwe yense, mayi wa chitsanzo uja akuswa nkhalamba pakamwa m'nyumba ya mafano. Dzuwa la pawindo linali litayamba kupendeka. Makina kuchipatala akhala akumaliza, Dingani akhala akuyang'ana kukhomo, dokotala akudikira yankho.

Mlonda uja anzake anamukhazika pabenchi linalo, moyang'anana ndi Olipa, atagwira kansanza pakamwa, magazi atadonthera pa kaki mpaka pa lamba. Anali ndi akakolo oonda ngati a mbuzi, ndipo pansi pa benchi lake panali kachitini ka chakudya chamasana, komangidwa bwino m'kansalu ndi manja a wina wake amene akumudikira madzulo. Olipa anafuna kunena pepani, koma Chingerezi chonse chinali chitamuthawa, choncho anatsegula chikwama, anatulutsa mpango wake woyera wosita, n'kutambasula dzanja kuti amupatse.

Nkhalambayo inadzikhwinyata. Phewa linakwera kubisa khutu, chigongono chinatseka mimba, maso anatsinzina kudikira. Palibe munthu anachitapo zimenezo pamaso pa Olipa chibadwire chake, ndipo iye anakhala choncho, dzanja lili m'malere, mpango ukulendewera, akuyang'ana kamutu kaimvi kowerama pansi pa dzanja lakelo, akumva manyazi akubwera, inde, akubwera, koma akubwera pambuyo, mochedwa, chifukwa patsogolo pawo panali patafika kale chinthu china, chofunda, chotakasuka, chimene chinamuwongola msana n'kumudzaza mpweya m'chifuwa — ndipo sanafune kulitsitsa msanga dzanjalo.